Musiyeni Chaplin akhale cete

Abale anga a m'malire, ine ndimadya cifukwa ca pakamwa. Kwa zaka zambiri mwakhala mukundimva pa wailesi yathu ndikulengeza maliro, mitengo ya kacewere ndi ng'ombe zosowa. Conco munthu ngati ine akaimirira kuteteza kanema amene mulibe wolankhula, dziwani kuti wayamba walingalira.

Nkhaniyi inabuka mwezi wathawu. Mnyamata wina amene ali ndi kanyumba koonetsera vidiyo pamsika anandibwereka kanyumbako madzulo amodzi, ndipo ndinaonetsa kanema wa Charlie Chaplin, uja Apwitikizi amati Charlot. Dzina la kanemayo ndi City Lights, kapena Luzes da Cidade. M'mawa mwake foni ya ku wailesi sinapume. Bambo wina anati ndinasonkhanitsa anthu aulemu wawo kuti aonere wamisala. Aphunzitsi ena anati ndi zotsalira za azungu akale, zopanda phindu kwa ana a lero. Mwini kanyumba uja anati kanemayo ndi wabwino koma ndi wosamaliza, ndipo akufuna kupeza DJ woti aikemo mawu a Cinyanja, monga amacitira ndi makanema a karate amene timagula kutsidya. Onse atatu alakwa, koma wacitatuyo ndiye walakwitsitsa.

Kwa inu amene simunabwere, nkhani yake ndi iyi. Mmphawi wina wosowa pogona, wa thalauzi lalikulu, jekete lothina ndi kandodo m'manja, akumana ndi mtsikana wosaona wogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Mtsikanayo aganiza kuti munthuyu ndi bwana wa galimoto, ndipo mmphawiyo alephera kumuuza zoona. Usiku womwewo apulumutsa munthu wolemera amene, ataledzera, amafuna kudziponya m'madzi atadzimangirira cimwala. Wolemerayo akamwa amamukumbatira, amamupatsa ndalama ngakhale galimoto. Mowa ukatha m'mutu samudziwanso, amalamula wanchito kuti amutulutse. Mtsikana uja ndi agogo ake ali ndi ngongole ya nyumba ya madola 22, ndipo ku Vienna kuli dokotala amene angacize maso ake. Mmphawiyo asesa misewu, acotsedwa nchito, alowa m'bwalo la nkhonya namenyedwa. Pomaliza wolemera uja, ataledzeranso, amupatsa madola 1,000. Mbala zilowa m'nyumbamo, apolisi afika, wolemerayo aiwala zoti anapereka yekha. Mmphawiyo athawa, apereka ndalama zonse kwa mtsikanayo, kenako alowa m'ndende.

Ndiyambe ndi iwe, mphwanga wa kanyumba ka vidiyo. Ukuganiza kuti Chaplin anasiya mawu cifukwa makina kunalibe. Si conco. Makanema olankhula anayamba kugwedeza dziko mu 1927 ndi kanema wa The Jazz Singer. Chaplin anayamba kujambula wakeyu kumapeto kwa 1928, ndipo pamene ankamuonetsa koyamba ku Los Angeles mu Januwale 1931, Albert Einstein ali mlendo wake, makampani akuluakulu a ku Hollywood anali atasamukira kale ku makanema olankhula. Makinawo anali nawo, ndipo anawagwiritsa nchito poika nyimbo zimene zambiri anapeka yekha, ndi maphokoso ena, monga kawenzulo kamene mmphawi uja anameza mwangozi paphwando. Anakana cinthu cimodzi cokha, mawu a anthu, ndipo anaikapo ndalama zake pa kukanako.

Kumbukira mmene kanemayo akuyambira. Akuluakulu a mzinda asonkhana kuti avundukule cipilala, ndipo aliyense akatsegula pakamwa pamatuluka phokoso longa la bakha. Nsalu ikacotsedwa, apeza mmphawi ali m'tulo pamiyendo ya cipilalaco. M'kanyumba muja anthu anafa nako kuseka. Ndani wa ife sanakhalepo padzuwa kumvera mlendo wa ku boma akulankhula ora lathunthu m'cinenero cimene theka la anthu sakucimva, kenako tonse n'kuwomba m'manja? Chaplin anaseka olankhula pa mphindi zoyambirira zenizeni. Iwe ukufuna kumubweretsera wolankhula wina.

Taonanso pamene awiriwa akumana koyamba. Vuto la Chaplin linali lakuti mtsikana wosaona angaganize bwanji kuti mmphawi ndi wolemera popanda womuuza. Kagawo kameneka anakajambula mobwereza koposa ka 300, ndipo Virginia Cherrill, amene anasewera mtsikanayo, anatopa nako. Yankho linapezeka pa citseko ca galimoto. Mmphawiyo, pozemba wapolisi, alowa m'galimoto yoima ya munthu wina natulukira mbali inayo. Mtsikanayo amva citseko, atambasula duwa. Duwalo ligwa pansi, iye alifufuza ndi manja, ndipo pamenepo mmphawiyo azindikira, ifenso tizindikira, kuti saona. Mwini galimoto akabwera n'kumenyetsa citseko, mtsikanayo ayesa kuti bwana wapita osatenga cenji, ndipo mmphawiyo acoka monyang'ama, kusiya kandalama kake komaliza. DJ wako pamenepa adzatani? Adzafuula, adzamupatsa mmphawiyo dzina loseketsa, adzatiuza zimene maso athu aona kale. Cimene munthu anacivutikira miyezi, iye adzacipha ndi nthabwala imodzi.

Sindikunyoza ma DJ. Pa makanema odzaza Cingerezi kapena Cichaina amatithandiza, ndipo ena ali ndi luso ndithu. Koma madzulo aja m'kanyumba munali mayi wocokera mbali ya Dedza amene anaphunzira m'Cingerezi, anyamata a ku Ulónguè amene anaphunzira m'Cipwitikizi, ndi agogo amene sanapondeko m'kalasi. Anaseka nthawi imodzi, anakhala cete nthawi imodzi. Mawu ocepa olembedwa pa kanema ndinayamba kuwamasulira, koma pofika pakati anthu anandiuza kuti ndikusokoneza. Ife a m'malire, amene pepala lililonse, la cipatala, la kasitomu, la feteleza, limafuna womasulira, tapeza cinthu cimodzi cimene agogo amacimva okha mofanana ndi wophunzira. Ici ndico tikufuna kuciikira mkhalapakati?

Tsopano inu aphunzitsi. Pena mwanena zoona. Kanemayu ndi wa ku Amereka, misewu yake si yathu, ndipo ana athu ayenera kuona nkhani zathu zojambulidwa ndi anthu athu. Pamenepo ndili nanu. Koma mawu oti zakale ndikuwakana. Werengani anthu amene akumuona mmphawiyu ngati munthu. Alipo awiri: wosaona ndi woledzera. Onse a maso abwino ndi mutu wabwino, wapolisi, wanchito wa m'nyumba, ana ogulitsa nyuzi, amamuona ngati cinyalala. Kodi ici cinatha mu 1931? Simukumudziwa bwana amene Loweruka pa baraka amakuchani m'bale wake, koma Lolemba mukapita kukapempha ganyu amakufunsani dzina? Simunamuone amene amadziwa njira ya kumudzi kwanu pa nyengo ya masankho pokha? Nanga agogo amene ng'ala yawaphimba maso zaka zambiri cifukwa ndalama yokwerera kupita ku cipatala cacikulu palibe, ndi a dziko liti?

Chaplin umphawi sanaumve kwa anthu. Anabadwira ku London mu 1889, ndipo ali ndi zaka 7 anamutengera ku nyumba yosungira amphawi ya ku Lambeth. Mayi ake anadwala matenda a maganizo, nkumalowa ndi kutuluka m'cipatala. N'cifukwa cake mmphawi wake sapempha cisoni. Amakonza kacipewa, amasasa fumbi pa jekete long'ambika, amayenda ngati mwini mzinda. Aliyense amene anasitapo malaya ake amodzi okha usiku kuti mawa akaoneke pa anthu akumudziwa munthu ameneyu. Ana a lero amamudziwanso, aphunzitsi, pakuti ena a iwo amakhala m'kalasi mwanu.

Kwa inu bambo amene munati ndi wamisala, ndingokukumbutsani kuti wamisala anaona nkhondo. Ndipo ndikudabwa kumva mawu otere kuno kwathu, kumene Gule Wamkulu amatha kudzudzula waulesi, wadama kapena mzungu wodzikuza ndi kavinidwe kokha, bwalo lonse n'kumva. Sindikufananitsa mwambo ndi kanema, ayi. Ndikungoti ife si anthu oti tiphunzitsidwe kuti thupi limalankhula.

Cimene cimasunga kanemayu mpaka lero cili kumapeto. Mmphawi watuluka m'ndende, zovala zathera, ana akumugenda. Mtsikana uja tsopano akuona, ali ndi sitolo yake ya maluwa, ndipo bwana aliyense wooneka bwino akalowa, mtima wake umagunda poyesa kuti ndi uja anamuthandiza. Aona mmphawi akumuyang'anitsitsa pawindo, amuseka, kenako amumvera cisoni namupatsa duwa ndi kandalama. Pomugwira dzanja kuti amufumbatitse ndalamayo, aima. Dzanja ili akulidziwa. Mmphawiyo angomwetulira mwamantha, cala cili pakamwa, ndipo kanema atha. M'kanyumba muja simunamveke ngakhale cifuwa. Agogo ena amene anali pafupi nane ananong'ona kuti mwanayu maso amunamiza, dzanja ndilo lanena zoona.

Titatuluka panja mkangano unabuka. Abambo ena anati ayenera kukwatiwa naye, pakuti maso amene akuonera ndi a mwamunayo. Amayi ena anati cikondi si ngongole, amuthokoze, amupatse nchito m'sitolo, basi. Mtsikana wina anafunsa kuti nanga bodza lija loti ndi bwana likhululukidwa bwanji. Mpaka pano nkhaniyi ikukambidwa pacigayo. Chaplin sanayankhe, ndipo anadziwa cimene akucita. Anamwalira pa Khirisimasi mu 1977, koma funso lake lafika pamsika wathu lili lamoyo. DJ akanaliyankha ndi ciganizo cimodzi, tonse n'kupita kukagona.

Ndiye mphwanga, ika mawu pa karate mmene ungathere, ine ndidzalipira pakhomo. Uyu yekha umusiye. Undibwerekenso kanyumbako tsiku la msika likudzali, ndipo aphunzitsi ndi bambo aja ndawasungira benci yakutsogolo. Kanemayo ndi wa mphindi 87. Ine amene mumati sinditha kutseka pakamwa ndikulonjeza kuti ndidzakhala cete mphindi zonsezo, ndipo mkangano tidzaucitira panja.