Galimoto ya mlimi ku Marávia: mtengo wake umaoneka tsiku loigulitsa

Msika wa fodya ukatsegulidwa, ndalama za Mozambique Leaf Tobacco n'kuyamba kulowa m'matumba mwa alimi, nkhani ya magalimoto imabuka ku Fingoè, ku Malowera ndi ku Chiputo. Wina akufuna Hilux, wina akuti Canter ndiye imabweza ndalama, anyamata akuonetsana pa foni timagalimoto ta ku Japan totsika mtengo. Mkanganowu ndi wakale, koma wakula chifukwa WhatsApp ndi Facebook zafikitsa kumudzi maganizo a anthu a m'tauni.

Okonda magalimoto a mumzinda wa Tete kapena ku Beira amatamanda giya ya otomatiki, kamera yoonera kumbuyo ndi injini yosamwa mafuta ambiri. Pa tala, sakunama. Vitz, Ractis kapena Aqua imayenda mtunda wautali ndi petulo wochepa. Koma msewu wa N303, wochokera ku Bene kudutsa ku Fingoè mpaka ku Zumbo, mbali yaikulu ulibe tala, ndipo tinjira topita kuminda sitifunsa kuti galimoto ili ndi kamera kapena ayi. Galimoto yokhala pansi imagunda mimba pa miyala. Dzinja limodzi lokha, mashoko atha, chitsulo cha utsi chathothoka, ndipo mwini wake wayamba kufunafuna woigula.

Apa ndi pomwe mawu a alimi akale ali ndi nzeru. Iwo amafunsa mafunso awiri: makaniko wapafupi amaidziwa kodi, nanga sipeya wake apezeka kuti? N'chifukwa chake Hilux yakale ya injini ya 3L kapena 5L, ndi Land Cruiser ya injini ya 1HZ, yomwe Toyota inayamba kupanga mu 1990, sizitsika mtengo msanga ngakhale penti itasupuka. Injini zimenezi zilibe zamagetsi zambiri, zimakonzeka pansi pa mtengo wa mango, ndipo zimapirira dizilo wa m'zigubu amene amagulitsidwa kumadera kopanda malo omwetsera mafuta. Hilux zatsopano za D-4D ndi GD-6 zili ndi mphamvu, zimayenda mofewa, koma dizilo wa madzi kapena wa fumbi amaononga ma injekita ake, ndipo kuti vuto lidziwike pamafunika kompyuta ya ku Tete. Aqua ndi Prius nazonso zili ndi batire lalikulu lomwe likafooka, wogula wa kumudzi amabwerera m'mbuyo.

Kwa mlimi wofuna kuti galimoto idzilipire yokha, Canter, Dyna kapena Isuzu Elf zili patsogolo. Zimanyamula mabelo a fodya, chimanga, feteleza ndi anthu opita kumsika. Koma ntchito yake ndi ya nyengo. Miyezi ya mvula lole imaima pabwalo, matayala akuuma, pomwe inshuwalansi ikufuna kulipiridwa. Mabanja ambiri aona kuti njinga yamoto, monga Lifo kapena Boxer, imawakwanira: imafika kuchipatala usiku, imadutsa pomwe galimoto yatitimira, ndipo woigula sasowa.

Chimene okangana ambiri amachidumpha ndi mapepala. Boma la Marávia lachita malire ndi Zambia, ndipo kwa anthu ambiri Petauke kapena Katete n'kufupi kuposa Tete. Galimoto ya nambala ya ku Zambia imaoneka yotchipa, makamaka kwa amene ali ndi makwacha a chimanga kapena soya. Chilolezo chomwe galimoto yotere imalandira pa chipata cha Cassacatiza ndi cha mlendo, cha masiku owerengeka. Kuti ikhale ya ku Mozambique, pafunika kulipira msonkho ku Alfândegas, kuphatikizapo IVA, yomwe ili pa 16 peresenti kuyambira mu 2023, kenako kulembetsa ku INATRO kuti pakhale nambala ndi livrete. Ndalama zonsezi zikaphatikizidwa, kutchipa kuja nthawi zambiri kwatha. Amene wazemba amakhala ndi galimoto yoyenda m'midzi mokha, yoopa apolisi a pamsewu, ndipo tsiku loigulitsa wogula amachotseratu mtengo wa mavuto onsewo.

Ngakhale galimoto ya nambala ya konkuno ili ndi msampha wake. Zambiri zadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, koma título de propriedade ikadali m'dzina la mwini woyamba, amene mwina ali ku Maputo, mwinanso anamwalira. Kalata yolemba pamanja pamaso pa mfumu imathandiza pa mlandu wa pamudzi, koma siisintha dzina m'kaundula wa boma. Nambala ya chasisi ndi ya injini ziyenera kufanana ndi zomwe zili pa livrete, ndipo kuziyang'ana sikulira ndalama.

Palinso nkhani ya madola. Metikali yakhala pafupifupi 64 pa dola imodzi kuyambira mu 2021, koma kuyambira mu 2024 bungwe la amalonda la CTA lakhala likudandaula kuti ndalama zakunja zikuvuta kupeza m'mabanki. Oitanitsa magalimoto ndi masipeya akavutika chotere, mtengo umagwera wogula. Zimenezi zikukomera galimoto yomwe sipeya wake ali paliponse, ku Tete, ku Chipata kapena pa galimoto ina yakufa, ndipo zikupweteka mwini wa mtundu wosowa.

Kenako pali kalendala ya ulimi. Alimi amagula pa nthawi imodzi, fodya akangogulitsidwa, ndipo ogulitsa magalimoto amadziwa zimenezi, mitengo n'kukwera. Amagulitsanso pa nthawi imodzi, mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka, aganyu akufuna malipiro, ana akufuna zakusukulu. Nthawi imeneyo ogulitsa ndi ambiri, a ndalama ndi ochepa. Hilux ya mapepala okwanira imapezabe wogula, ngakhale wochokera ku Tete kapena ku Chifunde. Kagalimoto ka otomatiki kothyoka mashoko, ka nambala ya kunja, kamatha kukhala pabwalo mpaka fodya wina atakololedwa.