Mboni za nkhondo ya ku America ndi eni akapolo omwe

Alipo anthu ena, ophunzira ndithu, amene pokamba za nkhondo yapachiweniweni imene inasakaza dziko la America kuyambira 1861 kufikira 1865, ndi kutsitsira kumanda amuna oposa 600,000, amaumirira kuti zigawo khumi ndi chimodzi za kumwera zinapanduka pofuna kuteteza ufulu wawo wodzilamulira, ndi kuti ukapolo unali nkhani yapambali imene adani awo anaikuza pambuyo pake. Ine ndikukana, ndipo popeza akuluakulu anati mlandu suola, ndipempha kuti tiukhalirenso pabwalo, tiitane mboni zimene sizingaganiziridwe kuti zinkadana ndi anthu a kumwera, ndiwo atsogoleri awo enieniwo.

Pamene Abraham Lincoln anasankhidwa kukhala pulezidenti mu Novembala 1860, asanalowe n'komwe m'nyumba ya boma, asanasaine lamulo ngakhale limodzi, chigawo cha South Carolina chinadzipatula pa 20 Disembala, ndipo akuluakulu ake analemba chikalata chofotokoza zifukwa zawo. Wochiwerenga adzapeza kuti dandaulo lawo lalikulu linali lakuti zigawo za kumpoto zinakhazikitsa malamulo awoawo otchinjiriza akapolo othawa, m'malo mowabweza kwa ambuye awo. Taonani tsono chodabwitsa: amene tikuuzidwa kuti ankamenyera ufulu wa zigawo anakwiya chifukwa chakuti zigawo zinzawo zinagwiritsa ntchito ufulu womwewo. Anzawo a ku Mississippi, kumene akapolo anachuluka kuposa mfulu, sanavutike n'kuzungulira. Ananena poyera kuti tsogolo lawo ndi ukapolo n'zomangidwa pamodzi.

Ndipotu zimenezi sizinayambe chaka chimenecho. Mu 1850 andale a kumwera anakakamiza kuti pakhale lamulo la dziko lonse logwira akapolo othawa, limene linapatsa mphamvu akuluakulu a boma la ku Washington kulowa m'mizinda monga Boston, kugwira munthu, ndi kumutumiza kumwera popanda kumulola kudzinenera yekha mlandu, komanso kulanga aliyense womubisa kapena kumuthandiza kuthawa. Masiku amenewo dzanja lolemera la boma lalikulu linali lokoma kwa eni minda ya thonje, ndipo palibe mmodzi wa iwo analira kuti chigawo cha Massachusetts, kumene kuli Boston, chaponderezedwa. Mu 1857, khoti lalikulu litagamula pa mlandu wa kapolo Dred Scott kuti nyumba ya malamulo ilibe mphamvu yoletsa ukapolo m'madera atsopano a kumadzulo, anakondwera ngakhale kuti chigamulocho chinatsekereza anthu a m'maderamo kudzisankhira okha.

Atapanga dziko lawolawo, kodi anapatsa zigawo ufulu wochuluka bwanji? Malamulo aakulu amene analemba mu Malichi 1861 anatengera pafupifupi zonse za m'malamulo akale a America, koma anawonjezamo kuti sipadzakhala lamulo lolanda munthu akapolo ake, ndi kuti ukapolo udzatetezedwa m'dera lililonse limene dzikolo lidzapeze. Mwezi womwewo wachiwiri kwa mtsogoleri wawo, Alexander Stephens, analankhula ku Savannah kuti mwala wapangodya wa boma latsopanolo ndi chikhulupiriro chakuti munthu wakuda salingana ndi mzungu, ndi kuti ukapolo ndiwo malo ake. Chaka chotsatira boma lomwelo linayamba kulemba asilikali mokakamiza, bwanamkubwa wa Georgia, Joseph Brown, akudandaula kuti ufulu wa chigawo chake wathyoledwa. Ndipo linamasula ku nkhondo mzungu mmodzi pa munda uliwonse wa akapolo makumi awiri, kotero kuti osauka, amene ambiri analibe kapolo ngakhale mmodzi, ndiwo anakafera chuma cha olemera.

Za misonkho ya katundu wolowa m'dziko, imene ena amati ndiyo inabutsa nkhondoyo, sindichedwapo, pakuti mkangano umenewo unafika pachimake mu 1832 ndipo unatha popanda mfuti kulira.

Wina adzati, nanga Lincoln sanalembere mkonzi wa nyuzipepala Horace Greeley mu 1862 kuti cholinga chake n'kupulumutsa umodzi wa dziko, kaya akapolo amasulidwe kaya ayi? Analembadi, ndipo sindimuyesa Mose. Ngakhale chilengezo chake chomasula akapolo cha pa 1 Januwale 1863 chinasiya m'goli akapolo a ku Kentucky ndi Maryland, zigawo zimene sizinapanduke. Koma chimene a kumpoto anatengera zida n'china, chimene a kumwera anapandukira n'chinanso. Iwo anaopa kuti chipani cha Lincoln, pokana kuti ukapolo ufalikire kumadzulo, chidzautsekera m'khola momwe udzafota pang'onopang'ono, ndipo anthu pafupifupi mamiliyoni anayi amene ankawerengedwa ngati katundu adzatuluka m'manja mwawo. Thonje la anthu amenewa ndilo linkadyetsa mafakitale a ku Lancashire ku England, ndipo n'chifukwa chake David Livingstone, poyenda m'chigwa cha Shire zaka zomwezo, ankalota kuti thonje lolimidwa ndi mfulu kuno lidzagwetsa msika wa thonje la akapolo.

Nthano ya ufulu wa zigawo inakula atagonja, ukapolo utathetsedwa mu 1865 ndi kusanduka chinthu chochititsa manyazi. Pamenepo Stephens yemweyo analemba mabuku awiri aakulu kutsimikiza kuti nkhondo inali ya mfundo za malamulo a dziko, ndipo Jefferson Davis, amene anali pulezidenti wawo, anatulutsa lake mu 1881 loimba nyimbo yomweyo. Ana ndi adzukulu awo anaiika m'mabuku a sukulu ndi kuimangira zipilala m'mabwalo a mizinda, makamaka m'zaka zimene anthu akuda ankalandidwa mwayi wovota. Pakati pa Stephens wa mu 1861, amene ankalankhula akuyembekeza kupambana, ndi Stephens wa pambuyo pa nkhondo, amene ankalemba atatuluka m'ndende ya ku Boston, ine ndikhulupirira woyambayo.