Kuchapa konse n'kwathu, nanga pa car wash tikusowa bwanji?

Loweruka lapitali tinayenda kuchokera pa Chitakale kukafika ku Limbuli, kufupi ndi chipata cha Muloza. Mvula inali itagwa usiku, ndiye galimoto iliyonse inali yofiira ndi matope mpaka m'magalasi. Pamalo otsukira galimoto panali mizere ya ma Sienta, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Ndalama zimasinthana manja. Koma pa onse amene anagwira ndowa ndi nsanza, sitinaone mtsikana ndi mmodzi yemwe.

Taganizani, achemwali. Kunyumba mbale timatsuka ndife, zovala timachapa ndife, kukolopa ndife, madzi omwe timatunga ndife. Zonsezi zaulere, ndipo palibe amene amati n'zolemetsa kwa mkazi. Koma kutsuka komweko kukangokhala ndi mtengo, basi yasanduka ntchito ya amuna. Eti?

Mnzathu wina anakafunsa ntchito pa car wash ina m'boma lomwe lino. Anamuyankha kuti makasitomala sangamukhulupirire, bola azigulitsa mandasi pambali. Ife tikuti yankho limeneli n'lolakwika, ndipo njira imodzi yolithetsera ndi luso lenileni lokhala ndi pepala lake.

Tiyambe ndi lusolo, chifukwa ambiri amaona ngati kutsuka galimoto n'kungothira madzi. Ayi ndithu. Penti ya galimoto za masiku ano ili ndi kachikopa kopyapyala koonekera pamwamba pake, kamene kamaipatsa kuwala. Mchenga ukatsalira pansanza, umakanda kachikopa kameneka, ndipo ndi timizere tozungulira timene mumationa pa galimoto yakuda ikaima padzuwa. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amayamba watsukuluza matope ndi madzi okha, kenako amagwiritsa ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluziramo nsalu. Amayambira pamwamba kutsikira pansi, ndipo matayala amakhala ndi nsalu yawoyawo. Satsukira padzuwa lotentha, chifukwa sopo amaumira pa penti n'kusiya madontho. Sagwiritsa sopo waufa wochapira zovala kapena wotsukira mbale, chifukwa amachotsa wax yoteteza penti. Amadziwa kuti polishi amasalaza penti yokandika pomwe wax amaiteteza, ndiye kupaka polishi pafupipafupi kumadya kachikopa kaja. Ku injini sangopopera madzi chisawawa, chifukwa kuli mawaya ndi zamagetsi zomwe zikanyowa mwini galimoto alira.

Kuno ku Mulanje luso limeneli n'lofunika kwambiri. Mvula yathu mukuidziwa, ndipo miyezi yozizira chiperoni chimatha masiku osaona dzuwa. Matope okakamira kunsi kwa galimoto amasunga chinyontho, mapeto ake dzimbiri. Makapeti ndi mipando zikabwezedwa zisanaume, pakapita masiku ochepa m'galimoto mumanunkha chuku. Galimoto zambiri pamsewu wathu n'zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, zogulidwa movutikira, ndipo mwini wake amafuna zikhalitse. Munthu amene angamusamalire galimoto motere sangamusiye. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi ya odekha, si ya minofu.

Msika ulipo. Msewu wa M2 wodzera ku Thyolo ndi wa Midima wochokera ku Limbe imabweretsa galimoto tsiku lililonse. Pali galimoto za m'minda ya tiyi, za mabungwe, za ku chipatala, za opita ku Milange m'dziko la Mozambique. Pali alendo okwera phiri kudzera ku Likhubula, ndipo chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ndalama imeneyi idutse pakhomo pathu ife tikungoonerera?

Tsopano nkhani ya pepala. Ambiri otsuka galimoto amaphunzira poonera anzawo. Mnyamata amalowa chifukwa achimwene ake kapena mnzake ali kale pamenepo. Mtsikana alibe womulowetsa, ndipo akafika yekha amafunsidwa umboni umene mnyamata safunsidwa. Apa ndi pamene satifiketi imathandiza: imayankhula iwe usanatsegule pakamwa. Kunja kuli bungwe la International Detailing Association limene limalembetsa mayeso n'kupereka satifiketi kwa osamalira galimoto, ndipo limayesanso luso lamanja pamaso pa woyesa. Kwathu kuno tili ndi TEVETA, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, imene imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya ndalama za malipiro kuthumba la maphunziro amenewa. TEVETA ilinso ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzira luso kunja kwa kalasi n'kuwapatsa pepala. Makoleji monga Soche ku Limbe ndi Nasawa ku Zomba akhala akusula amisiri kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a luso m'madera. Njira ilipo kale, chofunika n'chakuti ifike kwa mtsikana wa ku Nkando ndi wa ku Chinakanaka.

Sitikunamizani kuti pepala lithetsa zonse. Walira mvula walira matope. Ntchitoyi ndi yonyowa, msana umapweteka, ndipo mankhwala ena otsukira marimu amawotcha manja ngati palibe magolovesi. Komanso tikudziwa zimene mtsikana amamva akawerama kutsuka tayala pakati pa madalaivala ndi makondakitala. Zimenezo si nthabwala, ndi mlandu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, kuphatikizapo mawu ndi kugwiragwira kosafunika, ndipo chilango chake chimafika K1 miliyoni ndi zaka 5 kundende. Lamulo la ntchito la 2000 limanenanso kuti ntchito yofanana malipiro akhale ofanana. Mwini car wash amene akuti akuteteza atsikana powakana ntchito, ayambe waletsa anyamata ake ndi makasitomala ake khalidwe loipalo.

Ena anena kuti munthu wa MSCE kapena digiri sangatsuke galimoto. Chabwino, koma tonse tikudziwa anzathu amene ma CV awo atha nsapato mu Blantyre. Car wash imafuna wina wolemba mabuku, woika mitengo, wogula zipangizo, wokambirana ndi makampani. Amene wayamba ndi ndowa akhoza kukhala mwini malo, ndipo atsikana asanu a m'banki m'khonde imodzi akhoza kusonkherana makina opopera madzi ndi chokokera fumbi.

Zopempha zathu n'zitatu. Kwa TEVETA: bweretsani ku Mulanje maphunziro aafupi a kutsuka ndi kusamalira galimoto, okhala ndi satifiketi, ndipo malo a atsikana asungidwe. Kwa khonsolo ya boma: perekani malo oyenera okhala ndi ngalande ndi dzenje la madzi oipa, chifukwa galimoto ikatsukidwa mumtsinje, oyilo ndi thovu zimapita kumene amayi athu amachapa ndi kutunga. Kwa eni ma car wash: lembani atsikana, aphunzitseni, alipireni mofanana ndi anyamata.

Ndipo inu asisi amene muli ndi galimoto, kaya ndi ka Vitz kaya Passo, musamangopereka makiyi. Phunzirani kutsegula boneti. Sabata iliyonse onani oyilo galimoto itaima pamalo osapendekeka injini itazima. Onani madzi oziziritsa injini, koma musatsegule chivundikiro chake injini ikutentha, mupsa. Onani mafuta a mabuleki, magetsi onse ndi mawaipa. Mpweya wa matayala yezani asanatenthe, muyezo wake nthawi zambiri umalembedwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala. Musaiwale tayala lapadera, ndipo dziwani tsiku lothera COF ndi inshuwalansi. Mkazi wodziwa izi sanamizidwa msanga ku galaja.

Ulendo wina mukapita kotsukitsa, funsani mwini malo kuti atsikana ali kuti. Mukapeza pamene pali mtsikana, pitani pomwepo, uzaninso anzanu. Ndipo ngati ndinu mtsikana amene mukugwira kale ntchitoyi, kaya ku Mulanje, ku Luchenza kapena ku Limbe, tilembereni. Ang'ono athu akufuna aone kuti n'zotheka, ndipo akufuna wowaphunzitsa.