ABUSA ANZANGA, LEKANI KUOPSEZA AMAYI OLERA

 Lero ndilemba motalika, mundipirire. Ena mukwiya nane, palibe kanthu.

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi, mayi wina wa mumpingo mwathu anandiimitsa pakhomo akulira. Ali ndi ana 6, wamng'ono akadali kubere. Amuna awo amakhala ku Joni, amangobwera pa Khirisimasi, pobwerera asiya mimba. Mayiyu anapita kumsonkhano wachitsitsimutso kwinakwake m'mbali mwa nyanja muno, ndipo mlaliki anati mayi aliyense wobayitsa jakisoni wakulera ndi wakupha, akapsa kugehena. Anatinso ana akuchepa m'Malawi chifukwa Satana walowa kudzera mwa azungu. Ndiye anandifunsa kuti, "Abusa, kodi ine ndine wakupha?" Usiku umenewo tulo sindinatione.

Tiyambe ndi pamene mlalikiyo sananame. Ana obadwa kwa mayi mmodzi akuchepadi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo, amene amachita a National Statistical Office ku Zomba, anapeza kuti mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana 6.7, tingoti 7. Mu 2000 anali 6.3, mu 2010 anali 5.7, mu 2015 ndi 2016 anafika 4.4, ndipo mu 2024 anatsika mpaka 3.7. Manambalawo ndi oona. Bodza lili pa chifukwa chake.

Ine ndinabadwa m'banja la ana 9. Amene tinakula ndife 5. Anayi ali kumanda: awiri chikuku, mmodzi malungo, mmodzi kutsegula m'mimba. Amayi anga ankabereka ndi mantha, chifukwa sankadziwa kuti atsala ndani. Inu a zaka zanga mukudziwa, panalibe mwezi wodutsa osamva maliro a khanda pamudzi. Kafukufuku yemwe uja akuti mu 1992, pa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asanakwane zaka 5. Pofika 2015 ndi 2016 anatsika kufika 63. Katemera anafika kumudzi, maneti a udzudzu anagawidwa, amayi anayamba kuchilira kuchipatala. Mayi akaona kuti ana ake anayi onse ali moyo, mtima umakhala pansi, safunanso kubereka 9. Ndiye inu mukuti ameneyo ndi Satana? Satana wake uti wopulumutsa makanda? Ine ndimati ndi chisomo cha Mulungu chimenecho, aleluya!

Ndipo mvetsani ichi. Boma la Kamuzu linaletsa zakulera kwa zaka zambiri, n'kudzalola mu 1982 kuti anthu azitalikitsa nthawi pakati pa mwana ndi mnzake. Zaka 10 zitadutsa, mu 1992, amayi ankaberekabe ana pafupifupi 7. Bwanji sanasiye pomwepo? Chifukwa maliro anali asanathe. Palibe mzungu anawakakamiza, anadikira okha mpaka ataona ana akukula.

Za kupha zija, funsani namwino aliyense. Jakisoni amaletsa dzira la mayi kuti lisatuluke, ndiye mimba siyamba n'komwe. Wafa ndani pamenepo? Ngati jakisoni sakukuyanjani, njira zina ziliko, kakambiraneni ndi achipatala inu ndi amuna anu. Koma musaope moto wa gehena chifukwa cha munthu amene sakugulirani ngakhale sopo wochapira matewera.

Ndikudziwa vesi limene mukuthamangirako, Genesis 1:28, pamene Mulungu analamula anthu oyamba za kubereka. Amen, ndimalikhulupirira. Koma nthawi imeneyo padziko panali anthu awiri okha. Kalembera wa 1966 anapeza Amalawi pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo Mangochi yokha anthu oposa 1.1 miliyoni. Lamulo limenelo Amalawi talikwaniritsa ndithu, sitinalephere ayi. Munda umene agogo anga ankalima okha lero tagawana mabanja ambiri, aliyense kachigawo kosakwana chakudya cha chaka. Pitani ku nyanja ya Malombe mukafunse asodzi achikulire za chambo chimene ankakoka kale, kenako muone zimene zikutuluka muukonde lero. Baibulo lomwelo pa 1 Timoteo 5:8 likudzudzula kwambiri munthu wosasamalira a pabanja pake, ndipo pa Luka 14:28 Ambuye Yesu akuphunzitsa kuwerengera mtengo usanayambe kumanga. Mavesi amenewa bwanji simuwalalikira?

Tsopano nali tchimo limene mukuliwopa kulitchula paguwa. Pamene amayi akuluakulu akuchepetsa kubereka, ana athu aakazi ndiye akuwonjeza. Mu 2010, atsikana 26 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali ndi pakati. Mu 2015 ndi 2016 anakwera kufika 29. Yendani ku Makanjira, ku Namwera, ku Monkey Bay, mukaone kusikelo: mwana wabereka mwana kumbuyo. Amene akuwapatsa mimba si azungu. Ndi bambo wobwera ku Joni ndi foni yatsopano, ndi mwini bwato amene wagulitsa usipa ndalama zikumuyabwa m'thumba, ndipo ena ndi akulu a mpingo okhala pampando wakutsogolo. Lamulo la dziko lino likuti ukwati ndi kuyambira zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anakonza malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso pozembera. Koma ife abusa timadalitsa maukwati otere mwakachetechete chifukwa mkamwini wapereka chakhumi chonona. Manyazi bwanji!

Ndiye ine ndanena poyera. Mumpingo umene ndikutumikira sindidalitsa ukwati wa mtsikana wosakwana zaka 18, kaya makolo alire chotani. Bambo wopereka mimba kwa mwana wasukulu ndikamutula ndekha kupolisi, akalape ali komweko. Abale athu mashehe, mafumu athu, nkhaniyi ndi yathu tonse, ana amenewa amatunga madzi pamjigo umodzi.

Mayi uja ndinamuyankha kuti: Mayi, inu si wakupha. Lerani ana 6 amene Mulungu wakupatsani, aphunzire, adye akhute, ndipo inunso thupi lipume. Amuna awo ndawaimbira kale pa WhatsApp, tikambirana ngati amuna akabwera mu Disembala.

Mlaliki mnzanga, ngati mukuwerenga, pakhomo panga mpotsegula. Bwerani ndi Baibulo lanu tidzakhale pansi. Inu nonse tumizani uthengawu kwa mayi amene akuvutika mumtima ndi nkhani imeneyi. Ambuye akudalitseni. Amen.