Nsomba ya atsamunda ndi tizilombo ta pansi pa mwala

Kuno ku Muloza munthu akati akukawedza, timadziwa zimene wanyamula: kansungwi, ulusi, mbedza ndi kachitini ka nyongolotsi zokumba kuseri kwa bafa. Akabwera ndi matemba, ndiwo zapezeka. Akakola mlamba, pakhomo pamakhala chimwemwe. Ndiye tamuuzani munthu wotere kuti kuli ena amene amagula ndodo ya ndalama zankhaninkhani, n'kuima m'madzi ozizira tsiku lonse, nsomba ikakodwa n'kuiwonjola bwinobwino n'kuibwezera mumtsinje. Adzakufunsani funso limodzi lokha: "Nanga kunyumba akadyera chiyani?"

Nsomba yake ndi trout, ndipo si yakwathu. Inafika m'dziko muno mu 1906 ndi atsamunda, amene ankafuna chosangalatsa mtima akaweruka ku ntchito. Anaithira m'mitsinje ya pamwamba pa phiri la Zomba, ku Nyika kumene kuli madamu a Chelinda, ndiponso m'mitsinje ina ya pamwamba pa phiri lathu la Mulanje. Mbiri ya kuweta nsomba m'Malawi imayambira pamenepo, pa nsomba imene mwini dziko sankailawa n'komwe. Trout imafuna madzi ozizira, oyera, othamanga. Akafunda kupitirira madigiri 20 imayamba kubanika, pakuti madzi ofunda sasunga mpweya wokwanira. Choncho musaiyembekeze pa mlatho wa Muloza pamene akabaza amaoloka ndi matumba a chimanga cha ku Milange. Kwawo n'kumtunda, kumene mu Juni udzu umadzuka utayera ndi chisanu.

Msodzi wa trout pa mbedza yake sakolekapo nyongolotsi. Amamangirirapo tinthenga ndi ubweya ndi ulusi wopyapyala mpaka mbedzayo ioneke ngati kachilombo kouluka. Popeza n'njopepuka zedi, kulemera kumakhala m'chingwe. Msodzi amachikupiza m'mwamba, kutsogolo ndi kumbuyo, kenako n'kuchigoneka pamadzi mwakachetechete kuti kachilombo kabodzako kayandame n'kumatsika ndi madzi ngati kamoyo.

Kachilombo kamene amakatsanzira kwambiri ndi mayfly. Pafupifupi moyo wake wonse kamakhala pansi pa miyala mumtsinje, miyezi yambiri, kena mpaka zaka 2. Tsiku lake likakwana kamakwera pamwamba pa madzi, khungu n'kung'ambika pamsana, mapiko n'kutuluka. Kamayandama kaye pang'ono kudikira kuti mapiko aume, ndipo apa mpamene nsomba imakapezerera. Kakapulumuka, kamakhala tsiku limodzi kapena awiri basi. Kalibe ngakhale kamwa yodyera. Kamangokwerana, kuikira mazira pamadzi, n'kufa. Ku Ulaya, nyengo yozizira ikamatha mu Malichi ndi Epulo, timagulu toyamba timatuluka masana dzuwa likatenthako, ndipo trout zimene zakhala miyezi zili duu pansi zimakwera kudzadya. Msodzi ayenera kuyang'anitsitsa kuti katuluka lero n'kotani, kakulidwe kake ndi maonekedwe ake, n'kusankha mbedza yofanana nako. Akaphonya, nsomba imabwera, kuyang'ana, n'kutembenuka.

Apa mpamene ine ndimasiya kuseka, chifukwa nzeru imeneyi ndi yathu yomwe. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi n'kutuluka, mwana wa ku Limbuli sadikira kuuzidwa. Amasiya nyongolotsi n'kukoleka ngumbi, podziwa kuti tsikulo nsomba maso ali kumwamba. Anzathu akunyanja nawo amadziwa nthawi imene nkhungu zimafuka pamadzi. Kusiyana n'kwakuti mzungu analemba zake m'mabuku n'kuziika mtengo.

Musandimve molakwa, abale anga. Sindikupempha kuti wina akathire trout m'mitsinje imene mulibe. Nsomba imeneyi n'chilombo cholusa: imadya tinsomba ta komweko, ana a achule ndi tizilombo tomwe. Ku South Africa asodzi ndi akatswiri a zachilengedwe akhala akukangana kwa zaka zambiri ngati iyenera kuwerengedwa m'gulu la zamoyo zobwera zoononga. Kumene ilipo kale, itibweretsere alendo, anyamata operekeza anthu kuphiri apezepo ya sopo. Ku Kenya anthu ambiri amadyera kumanga mbedza za nthengazi n'kumazitumiza ku Ulaya ndi ku America, ntchito yongofuna maso akuthwa ndi zala zodekha. Amayi amene amathyola tiyi ku Lujeri zala zoterozo ali nazo kale.

Chimene ndimasirira kwa msodzi wa trout ndi chizolowezi chake chotembenuza mwala asanaponye mbedza. Tayesani nanunso. Lowani pamene madzi akuthamanga, tolani mwala, muyang'ane kunsi kwake. Mukaona tizilombo taphwatalala ta michira itatu tikuthawira m'mbali, mtsinjewo uli moyo. Ana a mayfly sapirira matope ngakhale mankhwala, n'chifukwa chake akatswiri oyeza madzi amawawerenga pofuna kudziwa ngati mtsinje uli bwino. Mukapeza mwala uli tererere ndi matope okhaokha, dziwani kuti matemba nawo ali paulendo, pakuti chakudya chawo n'chomwecho.

Mitsinje yathu yaona zakuda. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula phiri, miyala ndi matope n'kutsikira m'midzi ya kwa Njema, ndipo maiwe ena amene tinkasambamo anakwiririka ndi mchenga. Koma Freddy anapeza titamulambulira kale njira. Mkungudza tinautha, moto umayaka kuphiri chaka ndi chaka, makala akutsika usiku, ndipo timalima mpaka khasu kugunda madzi. Ena akukokolola ndi timwana ta nsomba tomwe pogwiritsa ntchito maneti a udzudzu, ena akuthirabe katupe.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a m'sukulu za m'mbali mwa Muloza ndi Ruo. Mu Seputembala madzi akachepa, tengani ana a Sitandade 6 ndi mbale yoyera ndi kope. Atembenuze miyala 10 pamalo amodzi, atsukire m'mbalemo, awerenge zimene zikuyenda, alembe. Chaka chamawa kalasi ina idzabwerenso pamalo omwewo, ndipo kopelo lizisungidwa mu ofesi ya ahedi.