Ana akapanda kumva, ajambulireni

Gogo Namwino,

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 5 pasukulu ina kufupi ndi minda ya tiyi kuno ku Thyolo. M'kalasi mwanga muli ana oposa 100 koma mabuku ndi ochepa. Ndikaphunzitsa za kolera kapena magulu a zakudya, onse amavomera kuti amva, koma pamayeso amalakwa. Nditayamba kuwajambulira zithunzi pabolodi, mnzanga wina adandiseka, ati ndikuchedwetsa silabasi. Kodi ndisiye?

Mphunzitsi wodandaula,
Thyolo

Aphunzitsi,

Chonde musasiye. Kumaliza silabasi ana asanamve kanthu n'kutunga madzi ndi dengu.

Ine ndidagwira ntchito zaka zambiri kusikelo ya ana. Ena mwa amayi othyola tiyi amene ankabwera sankatha kuwerenga, koma mzere wa pakhadi la mwana ankaudziwa bwino. Ukamakwera, mwana akukula. Ukagona kapena kutsika, mayi ankayamba yekha kufunsa kuti, "Anesi, chavuta n'chiyani?" Kamzere kokhako kankaposa maulaliki athu onse.

Nkhaniyi si ya lero. Mu 1858, Florence Nightingale, mayi wa unamwino, adatulutsa chithunzi chooneka ngati duwa choonetsa kuti pankhondo ya ku Crimea asilikali ambiri a ku Britain adafa ndi matenda opeweka, osati mabala. Ngati akuluakulu a boma adafunika chithunzi kuti amve, nanji mwana wa Sitandade 5?

Koma kujambula kuli ndi mwambo wake. Choyamba, chithunzi chimodzi chinyamule uthenga umodzi. Pa kolera, jambulani chimbudzi, ntchentche, mbale ya nsima ndi mwana wogwira m'mimba, muzilumikize ndi mivi. Kenako afunseni: tidule pati? Iwo okha anena za chivundikiro cha pachimbudzi, kuvundikira chakudya ndi kusamba m'manja ndi sopo. Musaiwale kuti kolera ya 2022 ndi 2023 idatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Phunziroli si la mayeso okha ayi.

Chachiwiri, jambulani zimene ana amaziona kwawo. Tsiku lina ndidapachika chithunzi cha zakudya chokhala ndi maapozi ndi tchizi. Mayi wina adangoti, "Zimenezo n'za mabwana a kuesiteti." Ndidachita manyazi. Pamagulu asanu ndi limodzi a zakudya, ikani nsima, usipa, nandolo, bonongwe, nthochi ndi mapeyala, zomwe ku Thyolo kuno si zosowa. Pa masamu, ana anu amadziwa kale kuti tiyi amayezedwa pasikelo ndipo amachuluka m'dzinja. Magirafu ayambire pamenepo.

Chachitatu, musadikire mapepala okwera mtengo. Makatoni, matumba a simenti ndi makala zikukwanira. Si TALULAR yomwe mudaphunzira kukoleji imeneyi? Mawu akhale ochepa, zilembo zikuluzikulu. Mukajambula, kaimeni kumbuyo kwa kalasi. Ngati inuyo simukuona, ndiye kuti ana okhala kumeneko mwawataya.

Pomaliza, fufutani chithunzicho, ana ajambule okha m'magulu ndipo afotokoze. Amene wafotokoza ndiye wamva. Chithunzi sichilowa m'malo mwa kuwerenga ndi kulemba, chimangotsegula khomo.

Mnzanu uja musakangane naye. Mumuitane adzakhale nawo m'kalasi tsiku limodzi, adzawafunse yekha anawo. Mudzandilembere teremu ikatha, ndimve mmene ayendera.

Gogo Namwino