CITSULO CA NAMBALA: ULEMU KAPENA GOLI?

Abale a nchito a ku Kitwe ndi ku Ndola, tamverani!

Ku London anthu a ndalama amagula tizitsulo takale timene opalasa mabwato pa mtsinje wa Thames anali kubvala pa mkono. Pa kacitsulo kali konse panali nambala ya cilolezo ca mwini wace. Bungwe lao, Company of Watermen and Lightermen, linayamba ndi lamulo la 1555, ndipo kuyambira 1603 mnyamata anali kuphunzira zaka 7 asanaloledwe kuolotsa anthu payekha. Kacitsuloko kanali umboni wakuti uyu adziwa madzi, nchitoyi ndi yace.

Nanga makolo athu kuno ku migodi? Naonso anapatsidwa manambala: citupa m'thumba, tikiti la masiku 30, kacitsulo ka pa mgodi. Anawapatsa ndani? Boma la atsamunda ndi kampani. Nambala imeneyo sinanene luso la munthu ai. Inali ya kumuwerenga ngati ng'ombe pa dibi, ya kumugwira msonkho, ya kumupitikitsa m'tauni nchito ikatha. Ndinali kalaliki pa mgodi, ndidziwa: m'buku nambala imayamba, dzina limadza pambuyo.

Ndani angatenthe cinthu comupatsa ulemu? Opalasa a ku London apikisanabe kulimbirana jekete lofiira ndi cizindikiro ca siliva, mpikisano umene unayamba mu 1715. Koma anthu athu mu 1961 anatentha zitupa poyera!

Kusiyana kwace ndi bungwe. Popanda bungwe, anthu 6 anaomberedwa ku Luanshya mu 1935, ndi 17 ku Nkana mu 1940. African Mineworkers' Union itabadwa mu 1949, motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, sitalaka ya milungu itatu ya 1952 inakweza malipiro. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Iwe mnyamata wa kontilakiti, khadi liri pakhosi pakolo ndi la kampani. Likutsegulira geti cabe, ndipo nchito ikatha adzakulanda. Khadi lokuimira pa mlandu ndi la bungwe. Katilungu House iri pompano pa Kitwe. Pita ukalembetse.

Ndipo inu amene musunga citupa kapena kacitsulo ka agogo m'sutikesi, musataye, musagulitse kwa ogula zitsulo. Kaonetseni ku Copperbelt Museum ku Ndola, ana aone goli limene makolo ao anathyola.